Bokosi la sipika: tiboole kapena titseke?

Bokosi latha kukhomedwa, guluu akadali kununkha. Sipika ya mainchesi 12 yagona chafufumimba pa benchi, maginito ake atatola timisomali tonse timene tinatayika mu utuchi. Ntchito yatsala ndi imodzi, ndipo ndi yomwe imayambanitsa anthu: kodi pa thabwa lakutsogolo tiboole bowo loti mpweya uzipumirapo, kapena titseke paliponse, ngakhale nyerere isapeze polowera?

Funsoli ndalimva likuzunguza anthu awiri amene ndimawalemekeza. Mmodzi ndi amalume anga, kalipentala wa zaka zambiri, amene anayamba kukhoma mabokosi a makwaya a ku tchalitchi nthawi ya makaseti. Winayo ndi mnyamata wokonza mawailesi, yemwe Loweruka lililonse amabwereketsa zoimbira pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Onse akufuna chinthu chimodzi: besi yomveka pachifuwa, osati yongokanda m'makutu. Koma amalume amati tsekani, mnyamatayo amati boolani.

Asanasiyane maganizo, pali pamene amagwirizana. Sipika yopanda bokosi ilibe besi, kaya ikhale yodula bwanji. Chipepala chake chikakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo chimakhala chikuukoka, ndiye mpweya wakutsogolo umangozungulira m'mphepete kukadzaza kumbuyo, zonse n'kufafanizana. Mawu ang'onoang'ono amapulumuka chifukwa mafunde ake ndi aafupi, koma a besi ndi aatali zedi. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi ya nsambo zinayi imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, zimene amisiri amalemba kuti 41 Hz, ndipo funde limodzi la liwu limeneli limapitirira mamita 8. Ntchito yoyamba ya bokosi ndi kulekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Mkangano wagona pa mawu akumbuyowo: tiwatsekere afere momwemo, kapena tiwagwiritse ntchito?

Amalume ali kumbali yotseka, ndipo si chifukwa choti ndi achikale. Iwo amati mpweya wotsekeredwa uli ngati chubu cha njinga chopopedwa bwino: ukachidina chimakubwezera. Chipepala chikalowa mkati, mpweya umachikankhira kunja. Chikatuluka, umachikokera mkati. Choncho sichingoyenda mwachisawawa. Ng'oma ikagunda m'nyimbo, sipika imagunda n'kukhala chete nthawi yomweyo, osatsalira m'mbuyo ndi kulira kwa "wuuu". Amakonda kunena kuti, "Ine ndikufuna kumva chala cha woimba chikusuntha pa nsambo. Ngati nsambo zonse zikulira mofanana, imeneyo si besi, ndi chigayo."

Nzeru imeneyi ili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1954, ku America, Edgar Villchur pamodzi ndi wophunzira wake Henry Kloss anatulutsa sipika yotchedwa AR-1 pa kampani yawo ya Acoustic Research. Nthawi imeneyo wofuna besi yakuya ankayenera kulolera bokosi lalikulu ngati kabati. Villchur anapanga chipepala chomangidwa molefuka kwambiri, n'kuchiika m'bokosi laling'ono lotsekeratu kuti mpweya ndiwo uzichigwira m'malo mwa zomangira zolimba. Besi inatsika mwaukhondo kuchokera m'kabokosi kokwana pa shelefu, ndipo makampani ambiri anatsata njira yomweyo. Koma panali mtengo wake: masipika otere ankafuna ampulifaya yamphamvu kuti akweze mawu.

Chimene chimandikopa kwambiri kumbali ya amalume ndi chakuti bokosi lotseka limakhululuka. Ukaphonya muyeso pang'ono, likakula kapena kuchepa ndi malita angapo, besi imasintha pang'ono chabe. Likachepetsa, mawu amafufuma pamwamba n'kusowa pansi, koma ukhoza kulipulumutsa polowetsamo thonje la m'mapilo mosathinitsa, chifukwa thonjelo limachititsa mpweya kukhala ngati uli m'bokosi lokulirapo pang'ono. Komanso besi yake sigwa mwadzidzidzi. Pansi pa malire ake, liwu likatsika ndi theka, tinene kuchoka pa 60 Hz kufika pa 30 Hz, mphamvu imatsika ndi madesibelo 12, pamene bokosi la bowo limataya 24. M'chipinda chochezera, makoma amabwezera gawo la zotayikazo, moti kabokosi kotseka koikidwa pafupi ndi khoma kamadabwitsa alendo.

Pali chinanso chimene mabuku a kunja satchula kawirikawiri, koma amalume sachiiwala. Bowo ndi khomo. Ndinaonapo iwo akutsegula bokosi la kwaya ina limene linkasungidwa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi: munali chisa cha makoswe, thonje lonse atalisandutsa pogona, waya wina atamuluma mpaka kuduka. M'mapaipi ena mavu amamangamo nyumba zawo zadothi. Fumbi la mwezi wa Okutobala likalowa n'kukafika pa koyilo, sipika imayamba kukhulana mkati. Bokosi lotseka silidziwa mavuto onsewa.

Mnyamata uja amamvetsera zonsezi mwaulemu, kenaka amati, "Achikulire, zimene mukunenazo n'zoona, koma n'za pabalaza. Tabwerani pa bwalo la ukwati Loweruka mudzaone."

Apa ndiyenera kumupatsa mpata wokwanira, chifukwa mfundo yake ndi yolemera. Pa bwalo palibe khoma lobweza mawu. Anthu mazana atatu avala zovala zomwe zimameza mawu, mphepo ikuomba, amayi akululutira, ndipo nthawi ya perekaniperekani aliyense akufuna nyimbo imunyamule pa mpando. Magetsi akachoka, zonse zimadalira kajenereta kapena batire la galimoto. Pamalo otere, kutsekera theka la ntchito ya sipika m'bokosi kuti lisanduke kutentha ndi kutaya chuma. Iye amati mawu akumbuyowo unawalipira kale ndi mafuta a jenereta, nanga uwaphere chiyani?

Pofotokoza mmene bowo limagwirira ntchito, amatenga botolo lopanda kanthu n'kuuzira pakamwa pake. Limalira "huuu", liwu limodzi lokha. Akathiramo madzi mpaka pakati, liwu limakwera. Mpweya wa pakhosi pa botolo uli ndi kulemera kwake, ndipo umadumphadumpha pamwamba pa mpweya wa m'mimba mwa botolo ngati mwana pa matiresi. Katswiri wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1800, ndipo Albert Thuras wa ku Bell Laboratories ndiye anazilembetsa ngati njira yopangira masipika, chiphaso chake n'kutuluka mu 1932. Bokosi ndilo mimba ya botolo, paipi ndiyo khosi. Nyimbo ikafika pa liwu limene bokosi linachunidwira, mpweya wa m'paipi umayamba kupuma mwamphamvu mogwirizana ndi kutsogolo kwa sipika, ndipo chodabwitsa n'chakuti pamenepo chipepala chimangotsala pang'ono kuima. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi bowo. Chipepala chimapumula pamalo pomwe chikanavutika kwambiri, koma besi ikutuluka yochuluka.

Phindu lake si lochepa. Kuti mawu akwere ndi madesibelo atatu okha, ampulifaya iyenera kutulutsa mphamvu yowirikiza kawiri; kuti khutu limve ngati mawu awirikiza, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Bowo lochunidwa bwino limakupatsa madesibelo angapo kumunsi kwa besi popanda kugula ampulifaya ina. Kwa munthu amene akuyambitsa bizinesi ndi ndalama za ku banki m'khonde, kapaipi ka pulasitiki kotsala pa ntchito ya mapulambala n'kotsika mtengo kuposa njira ina iliyonse. N'chifukwa chake pafupifupi mabokosi onse a pa misonkhano ndi m'madansi ali ndi mabowo kapena makhwawa otulutsira mawu akumbuyo. Ku Jamaica, kumene anthu akhala akudzikhomera okha mabokosi ovinitsira anthu panja kuyambira masiku a Duke Reid ndi Coxsone Dodd m'zaka za m'ma 1950, besi ndiyo inali chida chopikisirana, ndipo reggae imene inakulira pa mabwalo amenewo ndi yomwe ya Evison Matafale ndi Black Missionaries inamwera. Nyimbo yotere ukaiimba panja ndi kabokosi kotseka, anthu amamva mawu a woimba koma miyendo siyankha.

Mpaka apa mnyamatayo akuoneka kuti wapambana. Koma amalume ali ndi funso limodzi limene amafunsa mofatsa: "Iwe, bowo lakolo unaliyeza ndi chiyani?"

Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mabokosi ambiri amene timaona m'misika ali ndi bowo lodulidwa pongoyerekeza, mmisiri atazunguliza pensulo pa chitini chimene chinali pafupi. Tiyeni tiwerenge. Titenge bokosi la malita 60 mkati mwake, ndi paipi yotambalala masentimita 10. Kuti bokosili lichunidwe pa 40 Hz, paipiyo iyenera kutalika pafupifupi masentimita 17. Koma ukangoboola bowo lomwelo pa thabwa la mamilimita 18, osaikamo paipi, bokosi limachunika pamwamba pa 60 Hz. Pa maso palibe kusiyana kwenikweni, onse ndi mabokosi a bowo. Pa khutu ndi nyama ziwiri zosiyana. Lachiwirilo limafufumitsa liwu limodzi, ng'oma iliyonse imalira mofanana, ndipo nsambo yaikulu ya gitala ija, ya 41 Hz, imagwera pansi pa malire.

Pansi pa malire ndiye pali ngozi. Liwu likatsika kupitirira pamene bokosi linachunidwira, mpweya umangolowa ndi kutuluka pa bowo mosagwira chilichonse, ndipo mawu a pa bowo amayamba kufafaniza a pa chipepala. Sipika imakhala ngati ilibe bokosi. Chipepala chimakupiza ngati mbendera, koma besi osamveka. Woimbitsa nyimbo akaona kuti besi yachepa amapotoza batani kuti aonjezere, osadziwa kuti akukumba dzenje. Nyimbo za masiku ano zopangidwa pa kompyuta, monga amapiano a ku South Africa amene sasowa pa ukwati uliwonse, zili ndi mawu otsika kwambiri, moti ngoziyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Ndinaiona ndi maso tsiku lina pa chinkhoswe: chipepala chikutuluka ndi kulowa ngati chifuwa cha munthu wothamanga, kenaka "pha! pha!" koyilo ikumenya pansi pa maginito, kenaka kafungo ka vanishi wopserera. Nyimbo inatsala m'timasipika ting'onoting'ono, anthu n'kuyamba kuyang'anana. Mwini zoimbira anadandaula kuti anamugulitsa sipika yabodza, koma ine ndikukhulupirira kuti inaphedwa ndi bokosi lake lomwe.

Ngakhale paipi ikatalika moyenera, ikachepa m'mimba imaimba mluzu. Mpweya umathamanga mopanikizana n'kumamveka "fu, fu" pa kugunda kulikonse. Ukaikulitsa kuti mluzu uthe, iyenera kutalikanso kuti kuchuna kusasinthe, ndipo nthawi zina sikwananso m'bokosi. Kumapeto kwake mkatimo kumafunika kutalikirana ndi thabwa lakumbuyo, mwina ndi mpata wofanana ndi kutambalala kwa paipiyo, apo ayi imabanika. Zonsezi ndi masamu, ndipo masamuwo amadalira sipika yeniyeniyo imene uli nayo m'manja.

Mnyamata uja sakana. Amangoti masamuwo analembedwa kale, sitikuyamba ife. Ndipo akunena zoona. Mu 1961 Neville Thiele wa ku Australia anaonetsa kuti sipika ndi bokosi lake zikhoza kuwerengedwa pa pepala thabwa lisanadulidwe, ndipo Richard Small wa ku yunivesite ya Sydney anakulitsa ntchitoyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kuchokera apo, sipika yabwino imabwera ndi manambala atatu ofunika: Fs, liwu limene chipepala chimanjenjemerapo mwachibadwa, Vas, kulefuka kwa zomangira zake koyezedwa m'malita, ndi Qts, mmene maginito ndi zomangira zimachiletsera kupitiriza kugwedera. Sipika ya Qts yochepera 0.4 kawirikawiri imakondwa m'bokosi la bowo. Ya Qts yopitirira 0.5 imakhala bwino m'bokosi lotseka, ndipo ukaiboolera imafufuma mosalamulirika. Manambalawa ukawalowetsa m'pulogalamu yaulere monga WinISD, imakujambulira mzere wa besi ndi kukuuza kutalika kwa paipi.

Vuto lathu ndi lakuti masipika ambiri amene timagula alibe manambala amenewo. Ena anachotsedwa m'galimoto zakale, ena ali ndi chomata cholonjeza mawati masauzande basi, ena anapsapo n'kukulungidwa koyilo yatsopano pamsika, ndipo koyilo ikasintha manambala akale sagwiranso. Apa mpamene amalume amaimika phazi. Amati munthu wosadziwa sipika yake asaboole, chifukwa akuchita juga ndi ndalama zake. Ine ndikugwirizana nawo, ndipo sindikubisa. Kwa wophunzira amene akukhoma bokosi lake loyamba kuti azimvera nyimbo m'nyumba, ndi sipika yosadziwika kwawo, kutseka ndi nzeru. Adzataya besi pang'ono, koma sipika idzakhala zaka.

Koma sindingathe kutsata amalume mpaka kumapeto, chifukwa mnyamatayo anandionetsa chinthu chimene chinandisintha maganizo pa theka la nkhaniyi. Anagoneka bokosi chagada, n'kuwaza timpunga tingapo pa chipepala. Pa foni anali ndi kapulogalamu kotulutsa liwu limodzi lokha, lomwe ungalitsitse kapena kulikweza. Anayambira pa 80 Hz, mawu ali pansi, akutsitsa pang'onopang'ono. Mpunga unkadumpha ngati uli m'chiwaya. Atafika chapakati pa 50 ndi 45, unayamba kudekha, kenaka unangokhala duu, pamene dzanja ukaliika pa paipi unkamva mphepo yamphamvu. Atatsitsanso, mpunga unayambanso kuvina. "Pamene unadekha paja, ndi pamene bokosili lachunidwa," anatero. Anadula paipi ina yotalikirapo, n'kuyesanso, malo odekha aja n'kutsika. Palibe chipangizo chodula chimene chinagwiritsidwa ntchito: foni, mpunga, sowo ndi kudekha mtima. Kuyesa kumeneku sikukuuza zonse za sipika, koma kumachotsa kuyerekeza kwakukulu. Ndipo akaonjezera kasefa kamagetsi kodula mawu otsikitsitsa, apansi pa malire a bokosi, ngozi ya chipepala chokupiza ija imachepa kwambiri. Munthu wochita zotere ali ndi ufulu woboola.

Pali chinyengo china chimene onse awiri amachidziwa, ndipo chimandikumbutsa oimba ng'oma a kwathu. Iwo amamata phula pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire mozama. Nayonso sipika ukailemeretsa pang'ono pakati pa chipepala, liwu lake lachibadwa limatsika. Koma imafooka, imafuna mphamvu yambiri kuti ikweze. J. Anton Hofmann, mnzake wa Kloss uja pa kampani ya KLH, ndiye amakumbukiridwa ndi lamulo lakuti pa zinthu zitatu, kuchepa kwa bokosi, kuzama kwa besi ndi kusadya mphamvu, ukhoza kupeza ziwiri zokha. Opanga babatoni, besi yathu ya nsambo imodzi ngati imene amaimba Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, anazindikira zomwezi ndi manja awo: nsambo yaitali, chikopa chotambalala, chimimba chachikulu. Bowo silithyola lamulo limeneli. Limangokuthandiza kudya bwino gawo lako, ndipo kawirikawiri limafuna bokosi lokulirapo kuposa lotseka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mabokosi ambiri amaluza besi mkangano wa bowo usanayambe n'komwe. Matabwa opyapyala amanjenjemera n'kumaimba nyimbo yawoyawo. Ukagogoda m'mbali ndi nkhonya likalira ngati ng'oma, likufunika mitanda mkati yolumikiza mbali ndi mbali. Pulayiwudi ya mamilimita 18 imapirira kunyamulidwa pa lole, pamene MDF imalira bwino m'nyumba koma ikamwa madzi a mvula imatupa ngati mkate. Mpata wa m'makona, pozungulira sipika ndi potulukira waya umapha mitundu yonse iwiri: lotseka limasanduka lotayikira, la bowo limasiya kuchunika. Ndipo masipika awiri akalumikizidwa waya mosemphana, ina imakankha pamene inzake ikukoka, besi n'kuzimiririka. Batire la tochi la mavoti 1.5 limathetsa nkhaniyo: ukagusitsa waya wofiira ku mutu wa batire, zipepala zonse zizitulukira kunja. Pa zimenezi amalume ndiwo mphunzitsi, ndipo mnyamata uja amavomera kuti mabokosi ake oyamba ankatayikira ngati dengu.

Bokosi lomwe ndinayamba nalo lija linali la mwana wa achemwali anga, amene amafuna kumamvera nyimbo m'chipinda chake mkati mwa sabata, Loweruka n'kumakaliimbitsa pa masewero a mpira wa achinyamata. Amalume analikhoma ndi manja awo, mitanda iwiri mkati, makona onse atamatidwa. Pa thabwa lakutsogolo anavomera kuboola, koma anakana kumata paipi ndi guluu mpaka mpunga utanena mawu ake. Paipiyo anaidula katatu. Kukamwa kwa paipi anaikako kawaya ka sefa ka maso akuluakulu kotchinga makoswe, ndipo anasema chitsekerero cha thabwa chokutidwa ndi labala wa chubu, chothina bwino. Mkati mwa sabata bokosilo limakhala pa kona ya chipinda, chitsekerero chili pamalo pake. Loweruka m'mawa mwanayo amachizula, n'kuchiika m'thumba, n'kumangirira bokosi pa keriyala ya njinga.